E85 mu STI: ikamavuta kulira, kutsamwa pa boost kapena kununkha mafuta, yambirani apa

November akangofika kuno ku South Bend foni yanga sipuma, ndipo nkhani yake imakhala imodzimodzi, akuti achimwene galimoto ija tinayiika pa E85 (mafuta a ethanol wambiri osakaniza ndi petulo) mu June inkathamanga ngati yalumidwa ndi njuchi pano m'mawa ikungoti kwee kwee osalira. Wina akuti yayatsa check engine, wina akuti oyilo akununkha ngati kachasu. Ndatopa kufotokoza m'modzim'modzi ndiye ndalemba zonse pamodzi. Ndikamba za Subaru STI ya injini ya EJ257 chifukwa ndi imene ndimayendera komanso ndi imene ndaitsegula kwambiri, koma zambiri mwa izi zigwiranso pa Evo, 350Z yoikidwa turbo ndi zina zotero.

Musanagule part ina iliyonse dziwani kaye kuti mu thanki muli chani. Dzina loti E85 limapusitsa, nambala ya pambuyo pa E imayenera kutanthauza peresenti ya ethanol mu mafutawo. Kuno ku America lamulo la ASTM D5798 limalola kuti mafutawa akhale ndi ethanol kuyambira 51% mpaka 83%, ndipo nthawi yozizira amathiramo petulo wambiri dala kuti magalimoto azilira m'mawa. Ndiye pampu yomweyo yachikasu imene inakupatsani E80 mu July itha kukupatsani E60 ndi chakuti mu January. Ngati galimoto yanu ilibe sensa ya flex fuel (yoyeza kuchuluka kwa ethanol) ndipo tuner, wokonza pulogalamu ya injini, anaikonzera E80 basi, ECU (kompyuta ya injini) siidziwa kuti zinthu zasintha, imangothira monga anaiuzira.

Kabotolo koyezera ethanol ndi kotchipa kwambiri. Mumathira madzi mpaka pa mzere wapansi, mafuta mpaka pa mzere wapamwamba, kukhutchumula, kudikira mphindi zisanu, ethanol amatsatira madzi petulo n'kuyandama pamwamba, mumangowerenga pamene zasiyanirana. Kazikhala mu galimoto nthawi zonse.

Chachiwiri choti musunge m'mutu: petulo amapsa bwino pa mpweya 14.7 ku mafuta 1, E85 weniweni ndi cha m'ma 9.8 ku 1. Kutanthauza kuti pa mpweya womwewo injini imafuna mafuta ochuluka ndi 30% kapena kuposerapo. Theka la mavuto ali m'munsimu akuchokera pamenepa, mafuta ofunikawo sakufika.

1. M'mawa ikuvuta kulira, kapena ikulira n'kuzima

Apa ndi pamene pali madandaulo ambiri. Ethanol safulumira kusanduka nthunzi kukazizira, kukangotsika pansi pa 10°C mumayamba kuona kusintha, ndiye kuno mu January kumatha kufika -15°C, amangolowa mu silinda ngati madzi n'kunyowetsa mapulagi. Ngakhale ku Brazil komwe anayamba zimenezi kalekale ndi pulogalamu ya Proálcool mu 1975, magalimoto awo a ethanol kwa zaka zambiri ankakhala ndi kathanki kakang'ono ka petulo kutsogolo kolizira m'mawa, dziko lotentha ngati limene lija. Ndiye musadabwe.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

- Tune (pulogalamu ya mu ECU) sinakonzedwe mbali ya cranking ndi warm-up, kutanthauza poliza ndi potenthetsa injini. Ma tuner ambiri amakonza galimoto pa dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto) masana injini ili yotentha, matebulo a m'mawa sawakhudza n'komwe. Chizindikiro chake: ikatentha imalira kamodzi, ikagona usiku imafuna sitata katatu kanayi. Jambulani log (manambala amene ECU ikuwerenga) ya m'mawa kuyambira musanatembenuze kiyi, mum'tumizire tuner, awonjezere mafuta a polira. Nthawi zina zimatenga maulendo atatu chifukwa m'mawa umabwera kamodzi pa tsiku, pirirani.
- Ethanol wachuluka kuposa nyengo. Ngati muli ndi flex fuel tsitsani kufika E50 kapena E60 pothirako petulo wa octane 93, mphamvu imene mutaye ndi yochepa zedi poyerekeza ndi kuchedwa ku ntchito.
- Batire yafooka. Pa petulo batire yotopa imabisala, pa E85 imaonekera poyera. Ikagona iyenera kuwerenga cha m'ma 12.6V, ndipo pomenya sitata isatsike pansi pa 10V.
- Pressure ikuthawa usiku. Yesani izi: tembenuzani kiyi pa ON osaliza, mumve pampu ikulira masekondi awiri, zimitsani, bwerezani katatu kenako lizani. Ikalira msanga ndiye kuti check valve ya pampu, regulator kapena injector ina ikudontheza.
- Mapulagi anyowa kapena atha.

Mukamenya sitata kangapo osalira lekani, musapitirize mpaka batire kufa. Pondani faya mpaka pansi n'kumenyanso masekondi asanu, ECU imadula mafuta mukatero ndipo masilinda amauma. Ndipo chonde zopopera zolizira injini zija musazizolowere pa galimoto ya turbo.

2. Ikutsamwa kapena kudukiza mukaponda, makamaka giya 3 ndi 4

Ili ndi lomwe limapha ma injini, ndiye likachitika kamodzi chotsani phazi, musabwerezenso kuti "ndione ngati ichitenso". Ichitanso, ndipo ulendo wachitatu mutha kumva piston ikusanzika.

- Filter yatsekeka. Pa galimoto yoti yangosinthidwa kumene iyi ndiye nambala wani. Ethanol amatsuka, litsiro lonse limene petulo anasiya mu thanki zaka khumi limamatuka n'kupita ku kasefa ka pansi pa pampu ndi ku filter. Yanga inandichita pa msewu waukulu ndikupitirira thiraki, thanki yachitatu chisinthireni, galimoto inangoti khu ngati wina waikoka kumbuyo. Nditatulutsa pampu kasefa kaja kanali kabulawuni ngati kosefera tiyi, ndikukafinya m'manja mukutsala phala. Sinthani filter mukatha ma thanki awiri kapena atatu oyamba, ndipo ikani ya stainless kapena microglass, zapepala zina sizigwirizana ndi ethanol.
- Pampu yachepa kapena sikulandira magetsi okwanira. Pa EJ pressure yoyambira ndi 43.5 psi mutazula kapaipi ka vacuum pa regulator, ndipo iyenera kukwera limodzi ndi boost (pressure ya mpweya umene turbo imakankha), psi imodzi pa psi imodzi. Ndiye pa boost ya 20 psi muyenera kuona cha m'ma 63. Ikamakwera kenako n'kuyamba kugwa ma rev akamapita ku 6000, mafuta sakufika. Yezani magetsi pa pampu penipeni injini ikulira, osati pa batire. Mawaya a fakitale ndi owonda, pampu yaikulu imawatenthetsa mpaka pulagi ya mawaya ya pamwamba pa thanki kusungunuka, ndaonapo yakuda bii. Mankhwala ake ndi relay ndi waya wonenepa wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi yake.
- Ma injector afika pamapeto. A fakitale pa STI za 2008 kupita mtsogolo ndi cha m'ma 565cc, pa E85 ndi boost yokwezedwa sakwana, ndi chifukwa chake anthu amaika a 1000cc kupita m'mwamba ngati ID1050x. Onani injector duty cycle (gawo la nthawi limene injector imakhala yotsegula) mu log, ikamadutsa 85% mulibe malo otsala, ikafika 100% ndiye kuti angotsegula kukamwa basi.
- Kapaipi ka mkati mwa thanki kang'ambika kapena kavuka. Mkati mwa thanki mumafunika paipi yolembedwa SAE J30R10, yomwe imapirira kumizidwa. Ya J30R9 ndi yabwino kunja kokha, mukaimiza kunja kwake kumafewa ngati chingamu.
- Gap ya mapulagi yakula. Mafuta ochuluka ndi boost yochuluka zimazimitsa moto wa pulagi, mumamva ngati pa pa pa mu ekizozi ndipo code imabwera P0301 mpaka P0304. Tsitsani gap kufika 0.6 kapena 0.7 mm, ambiri amapitanso ku pulagi yozizirirako, pa NGK kuchoka pa 6 kupita pa 7.
- Mafuta achepa mu thanki. Thanki ya Subaru ili ngati chishalo, mbali ziwiri shaft n'kudutsa pakati, ndiye ikatsika pansi pa kota mukamakhota mwamphamvu pampu imamwa mpweya. Pa E85 kota imafika msanga kuposa mmene munazolowerera.

3. Check engine, P0171 kapena P0172, idle yosakhazikika

P0171 ndiye kuti mafuta achepa, P0172 achuluka. Musafufute code musanaone ma fuel trim (mafuta amene ECU ikuwonjezera kapena kuchotsa), pa Subaru ndi AF Correction ndi AF Learning, mukaphatikiza zikadutsa 10% mbali iliyonse pali chimene chikuchitika.

Chofala kwambiri, makamaka masabata oyamba, ndi masamu a mu thanki. Tinene thanki ya malita 60, munatsala malita 15 a petulo wa E10, mwathira malita 45 a E80. Ethanol yense ndi 1.5 kuphatikiza 36, kugawa ndi 60, mwapeza E62, osati E80. Mukadzathiranso chimodzimodzi mufika cha m'ma E75. Ndiye munthu amasintha map (tune ya mtundu wa mafuta) kupita ya E85 pa filling station pomwepo n'kumadabwa kuti bwanji ikutulutsa P0172 ndi kununkha mafuta. Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri: map ya petulo mu thanki muli E85, injini imakhala ndi njala ya mafuta ndipo mukaponda boost mwaipha.

Zina zotsatira:

- Mwathira mafuta olakwika. Unleaded 88 si E85, ndi E15, manambalawo amasokoneza anthu ndipo mapaipi ake amakhala moyandikana. Mnzanga wina anatuma mlamu wake kukathira, zotsatira zake tinakhala Loweruka lonse tikupopa thanki.
- Mpweya ukulowa pena. Inlet ya turbo ya pa EJ imang'ambika pansi pomwe simuona, ma coupler a intercooler amamasuka. Smoke test, yopopera utsi m'mapaipi kuti muone pothawira, imathetsa mkangano mu mphindi khumi.
- Ma O-ring a injector anatsinidwa poika. Pakani kaoyilo pang'ono poika, osakankha owuma.
- Pampu yaikulu yaposa regulator ndi njira yobwerera. Apa pressure pa idle imakwera kuposa 43.5 ngakhale simunakhudze kanthu, galimoto imamwa mafuta pa idle ndi kuchita utsi woyabwa m'maso.
- Data ya ma injector mu tune ndi yolakwika, makamaka latency (nthawi imene injector imachedwa kutseguka). Ma injector otchipa opanda pepala la data musagule, tuner azingolota.
- Sensa ya kutsogolo ya mpweya yatopa.

Kanthu kena kamene kamaopseza anthu pachabe: geji ya wideband, yoonetsa mpweya ku mafuta. Ambiri amaisiya pa sikelo ya petulo, ndiye pa idle imaonetsa 14.7 ngakhale muli pa E85, munthu n'kuyamba kunjenjemera kuti paja anati 9.8. Gejiyo imayeza lambda (1.00 ndi pomwe mafuta aliwonse amapsa bwino, ikatsika mafuta achuluka) kenako n'kuchulukitsa ndi 14.7, siidziwa zomwe mwathira. Isintheni izionetsa lambda mupume, 1.00 pa idle ndi poyenda pang'onopang'ono, cha m'ma 0.78 mpaka 0.82 pa boost yonse malinga ndi mmene tuner wanu anaikira.

4. Sensa ya flex fuel ikuwerenga zopenga

Sensa yofala ija ya Continental imalankhula ndi ma frequency, 50 Hz ndi ethanol 0%, 150 Hz ndi 100%. Ikapitirira pamenepo ndiye kuti ikudandaula, sikuti mwapeza mafuta apamwamba.

- Nambala ikudumphadumpha mukaponda: mu paipi mukudutsa thovu la mpweya. Zimachitika kwambiri sensa ikakhala pa paipi yobwerera ndipo pampu yachepa, mafuta onse akuthera ku injini obwerera palibe. Apa sensa ikukuuzani za pampu, bwererani ku nambala 2.
- Ikuonetsa 0 kapena yangoima malo amodzi: waya, earth kapena fyuzi. Yambani ndi earth.
- Ikuwerenga pamwamba kuposa kabotolo kanu: madzi mu mafuta. Sensa imaona madzi ngati ethanol wowonjezera.
- Ikuchedwa kusintha mukangothira: izi n'zabwinobwino, mafuta akale ali m'mapaipi. Yendani modekha mphindi zisanu kapena khumi nambala ikhazikike musanaponde.

Funsani tuner wanu kuti sensa ikafa ECU imachita chani. Iyenera kudula boost. Akayamba kukanda m'mutu pezani wina.

5. Oyilo akununkha mowa, akuchuluka pa dipstick, pa chitsekero pali zoyera ngati chambiko

Polira m'mawa mafuta ambiri aja ena amatsetsereka m'mbali mwa piston kupita mu sump. Ethanol amawira pa 78°C, ndiye oyilo akatentha bwino kwa nthawi amauluka yekha pamodzi ndi chinyezi. Vuto ndi ife a maulendo afupiafupi, kunyumba kuntchito mphindi zisanu ndi ziwiri, nidulo ya madzi yafika pakati koma oyilo akadali ofunda chabe.

- Maulendo afupi nthawi yozizira: kamodzi pa sabata iyendetseni mphindi 30 pa msewu waukulu, ndipo oyilo sinthani msanga, ine sindidutsa makilomita 5,000.
- Injector yodontha: pulagi imodzi imatuluka yonyowa kapena yoyera mosiyana ndi zinzake, pressure imagwa mukangozimitsa.
- Catch can (kachitini kokola nthunzi ya oyilo) yadzadza kapena mapaipi ake aundana ndi chisanu. Khuthulani sabata iliyonse mu winta, zomwe zimatulukamo musanunkhize kawiri.
- Head gasket. Ngati madzi mu radiator akuchepa, kapena mu kabotolo ka pambali mukutuluka thovu mukaponda boost, imeneyo si nkhani ya ethanol ayi. Imikani galimoto.

6. Fungo la mafuta, kudontha

Paipi ya rabala yokutidwa ndi waya wonyezimira ija imaoneka bwino pa chithunzi koma fungo limadutsa, galaja yonse imanunkha ngakhale palibe dontho. Ya PTFE ndiye yothetsa zimenezo. Ma O-ring akhale a Viton. Onaninso rabala ya pa chivundikiro cha pampu pansi pa mpando wakumbuyo, anthu amabwezera yakale yomwe yatupa kale, mukadzadza thanki fungo lonse m'galimoto.

Dontho lenileni, ngakhale limodzi, pafupi ndi turbo kapena ekizozi, galimoto isayende. Moto wa ethanol masana suoneka bwino ngati wa petulo, umatha kuyamba inu mukuona ngati ndi kutentha chabe.

7. Yakhala miyezi osayenda, pano ikunjenjemera

Ambiri kuno amaimika galimoto zotere winta yonse kuopa mchere wa pamsewu. Ethanol amakoka chinyezi, chinyezi chimabweretsa dzimbiri mkati mwa ma injector osakhala a stainless ndi mu pampu, pena geji ya mafuta nayo imayamba kunama. Palinso phula lakuda lomata limene limamera kunsonga kwa ma injector pa magalimoto ena a E85, likamera injector imalavula m'malo mopopera. Limasungunuka ndi petulo, n'chifukwa chake ndimathira thanki imodzi ya 93 pakatha ma thanki anayi kapena asanu, ndipo ndisanaimike galimoto nthawi yaitali ndimaisiya ili ndi petulo wodzadza nditaiyendetsako kuti afike m'mapaipi monse. Opanda flex fuel musaiwale kusintha map. Ngati zachitika kale, ma injector apite kokatsukidwa ndi kuyezedwa pa makina, mankhwala othira mu thanki sachotsa dzimbiri.

8. Ziwiri zomwe si matenda

Kumwa mafuta: inde, 25 mpaka 30% kuposa kale, ndi mmene zilili. Ngati mtengo wa E85 suli pansi pa wa 93 ndi gawo ngati lomwelo simukupulumutsa ndalama, mukugula mphamvu basi. Ikadutsa 40% ndiye onani nambala 3.

Ma rev akukwera liwiro osakwera mu giya 4 kapena 5: kilatchi ikuterera. E85 sanaiwononge, torque yakwera ndipo kilatchi yakale yagonja.

Kwa amene muli kumudzi

Ena mumandifunsa muli ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ethanol kwathu si mlendo, petulo wathu wakhala akusakanizidwa kuyambira 1982 pomwe Ethco inayamba ku Dwangwa, kenako PressCane ku Chikwawa, onse kuchokera ku molasses wa nzimbe. Koma zosakaniza nokha mu diramu samalani ndi chinthu chimodzi: ethanol wa galimoto woti asakanizidwe ndi petulo ndi wouma, 99% kupita m'mwamba, pomwe spirit wamba wa 96% zotsalazo ndi madzi. Sensa iwerenga zabodza, filter ndi ma injector zivutika. Ndipo powerenga masamu aja musaiwale kuti petulo wa pa pampu ali kale ndi ethanol wake, muyezeni kaye ndi kabotolo. Diramu ikhale yotseka ndithu, makamaka nthawi ya dzinja.

Apa imani, itanani wodziwa

Chinthu chimene anthu sachimvetsa n'choti E85 ali ndi octane yopitirira 100, sachita knock (kuphulika kosalongosoka mu silinda) msanga. Pa petulo mukawonjeza timing (kufulumiza moto wa pulagi) mopyola injini imadandaula, sensa imamva, ECU imabweza. Pa E85 imatha kukhala chete mpaka mwadutsa pomwe mphamvu inasiya kukwera, mukungopanikiza ma bearing ndi ma rod, tsiku lina yangonoka popanda chenjezo. Ndiye timing ndi boost si zoseweretsa pa laputopu mu msewu, zimafuna dyno ndi munthu woona torque ikusiya kukwera. Komanso:

- DAM (nambala ya mu log imene imatsika ECU ikamva knock) yatsika pansi pa 1.0, kapena feedback knock ikubwerabwera pa boost muli pa E85. Pa mafuta amenewa siziyenera kuchitika, pali silinda imene ikusowa mafuta kapena china chamasuka.
- Lambda ikupita ku 0.88 kapena kuposa pa boost yonse.
- Pressure ya mafuta ikugwa ndipo filter mwasintha kale.
- Misfire ya silinda imodzi yosachoka mutasinthanitsa koyilo ndi pulagi, utsi wabuluu, oyilo akutha. Pa EJ257 apa timakayikira kusweka kwa ringland (mbali ya piston pakati pa ma ring), kawirikawiri silinda 4, pafunika compression ndi leak-down test.
- Kugogoda kwa pansi kotsatira ma rev, kapena tinyenyeswa tonyezimira mu oyilo. Zimitsani pomwepo, ibwere pa ngolo.
- Waya wa pampu watentha kapena fyuzi ikupsa mobwereza. Magetsi ndi nthunzi ya mafuta zili malo amodzi pamenepo, osayesa fyuzi yaikulu.
- Galimoto yanu ndi ya direct injection ngati WRX ya 2015 kupita mtsogolo. Imeneyo ili ndi pampu yachiwiri ya high pressure pa injini, ndipo ndi imene imayamba kugonja ethanol akachuluka, code yake P0087. Ambiri amathera pa E30 mpaka E60 pa chifukwa chimenechi. Mapaipi ake amakhala ndi pressure ya ma psi masauzande, osamasula ndi sipanala ya kunyumba.

Za malamulo musazinyalanyaze: kusintha tune kumatha kukutayitsani waranti ya injini, ndipo kuno ku Indiana okhala ku Lake ndi Porter County galimoto zawo zimayezedwa utsi, ndiye funsani kaye musanachotse kapena kuzimitsa chilichonse cha emissions. Popita kwa tuner tengani log ya m'mawa, log ya giya 3 ngati galimoto ikadali yotetezeka kuponda, nambala ya pa kabotolo ya tsiku lomwelo, ndi mndandanda wa ma part onse amene munaika kuphatikizapo aja munagula kwa mnzanu opanda bokosi.